Land Cruiser, Hilux kapena Land Rover yakale: kudziwa katundu woyenera kunyamula ndi kukoka

Injini ya galimoto izi imanyenga. Land Cruiser ya injini ya 1HZ, ukaiika mu giya yaing'ono, imachoka pamalo ngakhale itasenza katundu wopitirira muyezo, ndipo mwiniwake amati yakwanitsa. Koma chimene chimayamba kugonja si injini. Ndi ekiselo ya kumbuyo, matayala ndi mabuleki, ndipo zimagonjera pamtsetse, osati pamalo opakirira.

Yambani ndi kachitsulo kolembedwa manambala kamene kamakhomedwa m'chipinda cha injini kapena pamphuthu ya chitseko. Pamagalimoto ambiri pamakhala manambala 4 otsatizana: GVM, kumene ndi kulemera konse kololedwa kwa galimoto ndi zonse zili m'menemo, GCM, kulemera kwa galimoto pamodzi ndi ngolo, kenako malire a ekiselo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Pa Land Rover Defender 110, GVM ndi makilogalamu 3,050, kutsogolo 1,200, kumbuyo 1,850. Galimoto zina zochokera ku Japan zilibe manambalawa pakachitsulo, choncho muwafufuze m'buku la galimotoyo, potsata nambala ya chasisi osati dzina lokha, chifukwa Hilux imodzi imasiyana ndi inzake malinga ndi chaka ndi dziko limene anaipangira.

Kenako kayezeni galimoto pa sikelo yaikulu, monga ya pamalo ogulitsa miyala ya kwale kapena ogula mbewu zambiri. Kulemera kolembedwa m'buku ndi kwa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Kuchokera pamenepo yavekedwa chitsulo chotchinga kutsogolo, keliyala ya padenga, tayala lachiwiri lapadera, jeke yaitali, mwina thanki yowonjezera. Zonsezi zimadya malo a katundu. Dzazani mafuta, kwezani matayala akutsogolo okha pa sikelo, lembani, kenako kwezani galimoto yonse. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kulemera kwa kumbuyo.

Tiyerekeze kuti sikelo yawerenga 2,250 pa Defender 110 ija. Otsala ndi makilogalamu 800. Dalaivala ndi anthu 2, tinene 210, otsala 590. Amenewo ndi matumba 11 a chimanga a makilogalamu 50. Anthu ambiri amapakira 20 chifukwa malo alipo. Mgolo wa madzi wa malita 200 wokha ukuposa matumba 4.

Kaikidwe kake n'kofunika ngati kuchuluka kwake. Zolemera zikhale pansi, pakati pa maekiselo awiri, zitagunda khoma la kebini. Matumba oikidwa kuseri kwa tayala lakumbuyo amachita ngati munthu wokhala kunsonga ya katungwe wa thabwa: amapanikiza kumbuyo n'kutukula mphuno, chiwongolero chimapepuka, magetsi amawalira m'mitengo. Pa Hilux ya zitseko 4 vutoli n'lalikulu chifukwa gawo lalikulu la bodi lili kumbuyo kwa ekiselo, ndipo chasisi imapindika pakati pa kebini ndi bodi ikadumpha dzenje. Padenga ikanipo zopepuka zokha. Galimoto izi n'zazitali kale, sizichedwa kugudubuzika pakona.

Kuwonjezera masamba a masipulingi kumadzutsa kumbuyo, koma sikusintha GVM. Maberingi, ekiselo ndi mabuleki ndi zomwe zija. Choipa chake n'chakuti kumabisa chizindikiro chimene chikanakuchenjezani.

Za ngolo tsopano. Yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake. Yokhala ndi mabuleki, Defender imaloledwa mpaka 3,500, pomwe Hilux zakale malire ake ndi otsika kwambiri kuposa pamenepo. Nambala yeniyeni ndi yotsikitsitsa mwa izi: ya galimoto, ya chitsulo chokokera, ya ngoloyo, ndi yotsala mukachotsa kulemera kwa galimoto yopakira pa GCM. Chokokera chowotcheredwa ndi wowotcherera wa m'mbali mwa msewu, chopanda nambala, musachikhulupirire ndi ngolo yolemera. Chabwino chimamangidwa ku chasisi ndi mabauti olembedwa 8.8 pamutu kapena kuposa, ndipo musanamange gogodani ndi hamala chitsulo chopingasa cha kumbuyo. Pa Land Rover chimadyeka dzimbiri kuyambira mkati, kunja penti akuonekabe bwino.

Ngolo iyenera kupanikiza mpira wokokera ndi makilogalamu 7 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwake, osapitirira malire olembedwa pa chokokeracho. Ikapepuka kutsogolo imayamba kuvina pambuyo mukathamanga. Ikani gawo lalikulupo la katundu patsogolo pang'ono pa tayala la ngolo, ndipo yezani kulemera kopanikiza mpirako potsamiritsa mphuno ya ngolo pa mtengo woimika pa sikelo ya m'nyumba, utali wofanana ndi pamene pali mpira. Kulemera kumeneku kumachotsedwanso pa katundu wa galimoto: kukakhala 150, matumba 11 aja atsala 8. Ndipo popeza mpira uli pafupifupi mita imodzi kuseri kwa ekiselo, 150 ameneyo ekiselo imamumva ngati 200 ndi kupitirira. Ngolo ikayamba kuvina, chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, musaponde mabuleki mwadzidzidzi.

Matayala ali ndi malire awoawo, olembedwa m'mbali. Nambala 112 ikutanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala, 120 ikutanthauza 1,400, koma pokhapokha mpweya uli wokwanira monga palembedwera. Tayala lofewa lolemedwa limatentha n'kuphulika. Onaninso manambala 4 akumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT, osonyeza nthawi imene tayala linapangidwa: 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala lokalamba chotero, ngakhale mano alipo, si la katundu.

Pokwera, monga kuchoka ku Golomoti kupita ku Dedza, injini yopanda tabo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 alionse. Musakoke mu giya 5, ndi yofooka pa magiyabokosi ambiri akale. Khalani mu 4 kapena 3, diso lili pa muvi wa kutentha. Potsika Chiweta, lowani giya imene mukanakwerera musanayambe mtsetse. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndipo akale amawira mabuleki akatentha, pedulo n'kumira mpaka pansi. Asintheni zaka 2 zilizonse. Hilux ndi Land Cruiser 70 musaziike mu 4x4 paphula louma, chifukwa zilibe difu yapakati, imene imalola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, ndipo mashafuti amapotana. Defender ili nayo, choncho giya yaing'ono ya 4x4 (low range) mutha kuigwiritsa ntchito paphula pochoka ndi ngolo pachitunda, bola difuyo musaikhome.

Mukayenda makilomita 10 oyamba imani. Kungani zingwe, gwirani matayala ndi pakati pa mawilo onse, a ngolo omwe. Pamene dzanja silingakhalepo chifukwa cha kutentha, beringi kapena buleki yagwira.