VPN: zomwe imabisa, zomwe siibisa, ndi momwe mungaiyesere

VPN ndi pulogalamu yomwe imakhoma data yanu ya pa intaneti n'kuidutsitsa pa seva (kompyuta) ya kampani ina. Musanatsitse VPN iliyonse, yambani mwayankha funso ili: mukufuna kubisala kwa ndani? Yankho lake ndi limene likuuzeni ngati VPN ikuthandizeni kapena ingokudyerani bandulo ndi batire. Ntchito yake yeniyeni ndi imodzi. Imaphimba maso a kampani ya netiweki kapena a mwini Wi-Fi, koma zonse zomwe iwo akanaona zimapita m'manja mwa kampani ya VPN, yomwe mwina simukudziwa n'komwe kuti mwini wake ndani.

Chimachitika n'chiyani mukaiyatsa

Popanda VPN, mukalemba dzina la webusaiti, foni imayamba yafunsa seva ya DNS, yomwe ili ngati buku la maadiresi, kuti dzinalo lili pa nambala iti ya IP, yomwe ndi adiresi ya pa intaneti. Seva imeneyi kawirikawiri imakhala ya kampani ya netiweki yanu, ndipo funsolo limayenda poyera. Mawebusaiti ambiri masiku ano ali pa HTTPS, njira yokhoma data pakati pa inu ndi webusaitiyo, choncho pasiwedi yanu kapena zomwe mukulemba kampaniyo siingaziwerenge. Chomwe imaona ndi dzina la webusaiti, nthawi yomwe mwalowako, ndi kuchuluka kwa data yomwe yadutsa. Zimenezi zokha n'zokwanira kudziwa kuti munthu amakonda kubetcha, amawerenga nyuzi za mbali iti, kapena akufufuza za matenda ati.

Mukayatsa VPN, pulogalamuyo imagwirizana makiyi achinsinsi ndi seva ya kampani ya VPN. Paketi (kachidutswa ka data) iliyonse yotuluka mufoni imakhomedwa ndi makiyiwo, n'kuikidwa mkati mwa paketi ina yolembedwa adiresi ya sevayo. Seva ikalandira imatsegula, n'kutumiza komwe mumafuna. Kuyambira pamenepo kampani ya netiweki imangoona kuti mukulumikizana ndi seva imodzi ndipo data ikuyenda yochuluka mwakuti. Webusaiti nayo imaona IP ya VPN m'malo mwa yanu. Amene akuona zonse ziwiri, komwe muli ndi komwe mukupita, ndi mwini sevayo.

Pomwe imathandizadi

Pa Wi-Fi ya ku hotelo, ku bwalo la ndege kapena ku koleji, pomwe simukudziwa amene akuyang'anira makinawo. Komanso pamene boma latseka mapulogalamu ena koma intaneti yonse ikugwirabe. Ku Zambia pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira, ndipo anthu ambiri anadutsira pa VPN. Dziwani malire ake: ku Zimbabwe mu Januwale 2019 panali nthawi yomwe intaneti yonse inathimitsidwa, ndipo pamenepo VPN inalibe podutsa. Tsitsani pulogalamuyo kukadali bata, chifukwa pa tsiku lotsekalo mawebusaiti a VPN nawo amatha kutsekedwa.

Zomwe siichita ndi zambiri. Mukalowa mu akaunti yanu ya Google kapena Facebook, makampaniwo amakudziwani ndi dzina, IP isinthe isasinthe. GPS ya foni siidutsa mu VPN. Kuimba foni wamba, SMS ndi manambala a USSD otumizira ndalama sizidutsamonso, ndipo kampani ya foni imadziwabe nsanja yomwe SIM yanu yalumikizana nayo. Munthu akakunamizani mpaka mwamupatsa PIN, kapena mukatsitsa pulogalamu yokhala ndi vairasi, VPN imangoonerera. Ndipo VPN ya kuntchito ndi nkhani ina: imateteza katundu wa kampani, pomwe oyang'anira makompyuta a kumeneko angathe kuona komwe mukupita.

Kodi mawu oti "sitisunga kalikonse" ndi okhulupirika?

Pafupifupi kampani iliyonse imalemba choncho. Inu mulibe njira yosuzumira m'maseva awo, choncho umboni wabwino ndi zomwe zinachitika apolisi atagogoda pakhomo.

Mu 2011 HideMyAss ya ku Britain inapereka zolemba zake zokhudza makasitomala khoti litalamula, ndipo zinathandiza kugwira membala wa LulzSec, gulu la othyola makompyuta. Mu 2017 PureVPN, yomwe inkadzitama kuti siisunga zolemba, inapatsa FBI, apolisi ofufuza milandu a ku America, zomwe zinasonyeza kuti akaunti imodzi inkalumikizana kuchokera kunyumba ndi kuntchito kwa munthu amene ankafufuzidwa. Kuti anthu amenewa anali olakwa kapena ayi si nkhani yathu pano. Nkhani ndi yoti zolembazo zinalipo.

Ena anapambana mayeso omwewo. Mu 2017 akuluakulu a ku Turkey analanda seva ya ExpressVPN pofufuza za kuphedwa kwa kazembe wa Russia, Andrei Karlov, koma sanapezemo zomwe ankafuna. Mu Epulo 2023 apolisi a ku Sweden anafika ku ofesi ya Mullvad ku Gothenburg ndi chikalata cha khoti, ndipo anabwerera chimanjamanja chifukwa panalibe zoti atenge. Mullvad siifunsa ngakhale imelo. Imakupatsani nambala ya akaunti basi, ndipo mtengo wake ndi ma euro 5 pa mwezi.

Choncho posankha, fufuzani zinthu izi. Choyamba, mwini wake. Mayina ambiri omwe amaoneka ngati akupikisana ali pansi pa denga limodzi: Kape Technologies ili ndi CyberGhost, Private Internet Access ndi ExpressVPN, yomwe inaigula mu 2021. Kampani yomweyo inagulanso mawebusaiti ena olemba za "ma VPN abwino koposa", ndiye musamatenge mindandanda yotere ngati uthenga wabwino. Kampani yosatchula dzina la mwini wake kapena adiresi yeniyeni, isiyeni. Chachiwiri, lipoti la akatswiri akunja omwe anayendera maseva ndi mapulogalamu awo. Onani chaka chake, ndipo onani chomwe anayendera, chifukwa ena amayendetsa pulogalamu ya pa foni yokha kenako n'kumalengeza ngati kuti ayeretsedwa paliponse. Chachitatu, malamulo a dziko lomwe kampani ndi maseva ake ali. Mu 2022 India inalamula makampani a VPN kusunga zokhudza makasitomala kwa zaka 5, ndipo ExpressVPN, NordVPN ndi Surfshark anachotsa maseva awo m'dzikolo m'malo momvera.

Werenganinso tsamba la zachinsinsi, osati lotsatsa malonda. Funani mawu onena za IP yanu yeniyeni ndi nthawi yolumikizana. Kampani ikhoza kunena zoona kuti siisunga mawebusaiti omwe mwapitako, chikhalirecho ikusunga IP yanu ndi nthawi, zomwe n'zokwanira kukulozani.

Za ma VPN aulere

Apa mpamene pali chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Maseva amadya ndalama mwezi uliwonse, ndipo ndalamazo ziyenera kuchokera penapake. Mu 2016 ofufuza a bungwe la CSIRO la ku Australia ndi anzawo anayesa mapulogalamu 283 a VPN a pa Android. Anapeza kuti 18 pa 100 alionse sankakhoma data n'komwe, 66 pa 100 ankatulutsa mafunso a DNS kunja kwa VPN, 84 pa 100 ankachita chimodzimodzi ndi data ya IPv6 (mtundu watsopano wa maadiresi a IP), ndipo 38 pa 100 anali ndi zizindikiro za mapulogalamu oipa. Mu 2015 zinadziwika kuti VPN yaulere ya Hola inkagulitsa intaneti ya ogwiritsa ntchito ake kudzera ku kampani ya Luminati, kutanthauza kuti mlendo ankatha kuchita zake pa IP yanu. VPN ina yaulere, Onavo Protect, inali ya Facebook, ndipo inkasonkhanitsa zoti anthu akugwiritsa ntchito mapulogalamu ati. Inachotsedwa pa App Store mu 2018 n'kutsekedwa mu 2019.

Choopsa kwambiri kwathu kuno ndi mafayilo omwe amazungulira m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, olonjeza intaneti yaulere kapena kusandutsa bandulo ya WhatsApp kukhala ya zonse. Fayilo yotereyi imatumiza data yanu yonse ku seva ya munthu wosadziwika, ndipo zoikamo zake zimakhala zokhomedwa dala kuti musaone komwe ikupita. Foni yomwe muli pulogalamu ya banki isayandikire zimenezi.

Ngati ndalama palibe, kapena khadi yanu ikukana kulipira kunja, tengani gawo laulere la kampani yomwe imapeza ndalama kwa makasitomala olipira. Proton VPN ya ku Switzerland ili ndi gawo lotere lopanda malire a data, ngakhale limalola chipangizo chimodzi ndipo mayiko ake ndi ochepa.

Kuika ndi kukonza

Tsitsani pa Play Store, App Store kapena pa webusaiti ya kampaniyo, mutaonetsetsa dzina la wopanga, chifukwa mapulogalamu abodza otengera mayina otchuka alipo. VPN siifunika kuona manambala a anzanu, ma SMS kapena zithunzi. Ikapempha zimenezi, kapena ikakuuzani kuti muike satifiketi ya CA, ifufuteni: satifiketi yotere imaipatsa mphamvu yotsegula ngakhale HTTPS.

Kenako sankhani protocol, njira yomwe pulogalamuyo imalumikizirana ndi seva. WireGuard, yomwe Jason Donenfeld analemba ndipo inalowa mu Linux 5.6 mu 2020, ndi yothamanga, siidya batire kwambiri, ndipo siivutika mukachoka pa Wi-Fi kupita pa data ya foni. OpenVPN ndi yakale, ya 2001, yochedwerapo, koma ili ndi ubwino umodzi waukulu: ikhoza kuyenda pa TCP port 443, khomo lomwenso HTTPS imadutsa, motero imapulumuka pa netiweki yomwe yatseka njira zina. PPTP musaikhudze. Inathyoledwa kalekale, ndipo Apple inaichotsa mu iOS 10 mu 2016.

Yatsani kill switch, yomwe imatseka intaneti yonse VPN ikagwa. Netiweki ikadukaduka, VPN imagwa kwa masekondi angapo, ndipo foni imapitiriza kutumiza data poyera inu osadziwa. Pa Android pitani ku Settings, Network & internet, VPN, dinani kachizindikiro ka pambali pa dzina la VPN yanu, n'kuyatsa Always-on VPN ndi Block connections without VPN. Mayinawa amasiyanako pa Samsung, Tecno kapena Itel, ndiye mukasochera lembani "VPN" pofufuzira mu Settings. Pa iPhone ndi pa kompyuta, batani lake limakhala mkati mwa pulogalamu ya VPN.

Seva sankhani yapafupi. Muli ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, ya ku Johannesburg imayankha msanga kuposa ya ku New York, ndipo kusiyanaku kumamveka poimba pa WhatsApp.

Kuyesa

Kachizindikiro ka kiyi pamwamba pa foni si umboni. Chitani izi. VPN ili yothima, tsegulani ipleak.net, mulembe penapake IP ndi dzina la kampani lomwe laoneka. Yatsani VPN, tsegulaninso. IP yakale isaoneke paliponse patsambalo, kuphatikizapo pa gawo la IPv6 ndi la WebRTC. Pitani pa dnsleaktest.com, sankhani Extended test. Mukaona dzina la kampani ya netiweki yanu pa mndandandawo, ndiye kuti mafunso a DNS akutuluka kunja kwa VPN, ndipo kampaniyo ikuonabe mawebusaiti anu. Yatsani chitetezo cha DNS mu pulogalamuyo, muyesenso. IPv6 ikaoneka, yatsani potsekera IPv6 mu pulogalamu yomweyo. Pomaliza, pa Android, yesani kill switch: dulani VPN dala, muyese kutsegula webusaiti iliyonse. Ikatseguka, kill switch sikugwira. Bwerezani mayesowa pulogalamu kapena foni ikalandira update.

Zikavuta

Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siigwira VPN ili yoyaka. Kampani ya netiweki imawerengera bandulo yotere poona komwe data ikupita, ndipo tsopano ikungoona seva ya VPN, choncho imadula pa bandulo ya zonse kapena pa mayunitsi. Ambiri amadabwa mayunitsi atatha chonchi. Ngakhale pa bandulo wamba, VPN imawonjezera pang'ono: WireGuard imaika ma byte 60 pa paketi iliyonse ya IPv4 (mtundu wakale wa IP), pafupifupi 4 pa 100 pa mapaketi odzaza, ndipo gawoli limakula pa mapaketi aang'ono ngati a mawu.

VPN ikalumikizana koma masamba ena akungozungulira osatseguka, kawirikawiri vuto ndi MTU, kukula kwa paketi. WireGuard imayambira pa ma byte 1420, ndipo ma netiweki ena a foni salola paketi yaikulu choncho. Chepetsani nambalayi mpaka 1280, muone ngati masambawo atseguka, kenako muzikweza pang'onopang'ono.

Pulogalamu ya banki ikakana kulowa, chifukwa chake n'choti yaona IP ya dziko lina, mwinanso yogwiritsidwa ntchito ndi anthu mazanamazana. N'chifukwa chomwechonso Google imakufunsani mobwerezabwereza kuti mutsimikize kuti ndinu munthu. Gwiritsani ntchito split tunnelling kuti banki iziyenda kunja kwa VPN, koma dziwani kuti pa Android, Block connections without VPN ikakhala yoyaka, pulogalamu yomwe mwaipatulayo imasowa intaneti. Muyenera kusankha chimodzi.

Pa Wi-Fi ya ku hotelo yomwe imafuna kuti muyambe mwalemba nambala ya chipinda, kill switch imatsekereza tsamba lolowera. Ithimitseni kaye, lowani, yatsani VPN, kenako bwezeretsani kill switch musanatsegule china chilichonse.

Kwa mtolankhani kapena woulula katangale amene moyo wake ungakhale pachiswe, kampani imodzi yodziwa mbali zonse ziwiri ndi yochuluka kale. Tor Browser imadutsitsa data m'makompyuta atatu a anthu osiyana, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imadziwa komwe mwachokera ndi komwe mukupita nthawi imodzi. Imachedwa kuposa VPN, ndipo kampani ya netiweki imatha kuona kuti muli pa Tor pokhapokha mutayatsa ma bridge, makomo obisika olowera mu Tor, mu Settings, pa gawo la Connection.