Malaiti apita, netiweki nayo yagwa: abale anu muwapeza bwanji?

Amene munali kuno ku Chipata mu 2024 simufunika kuuzidwa zambiri. Chilala chija madzi anachepa ku damu la magetsi la Kariba, boma linalengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, kenaka lodishedingi inangokulirakulira mpaka masiku ena malaiti kumabwera maola atatu chabe, nawonso pakati pa usiku anthu tili mtulo. Ambiri tinkaona ngati vuto ndi kutchaja foni basi, koma ma tawa a netiweki nawonso amadya magetsi. Pansi pa tawa pamakhala mabatire, kwina jenereta ya dizilo, kwina sola, ndiye malaiti akakhalitsa osabwera mabatire aja amatha, dizilo sanafike, tawa imagona. Foni yanu yadzaza bwinobwino koma pamwamba palibe olo kamzere kamodzi.

Musanagule kanthu kalikonse khalani pansi pakhomo mupangane. Izi ndiye zimene anthu amazidumpha chifukwa sizigulidwa mu shopu, koma kwa ine ndiye zazikulu kuposa zonse zimene ndikambe pansipa. Nenani kuti amai ali ku msika wa Kapata, ana ali ku sukulu, atate apita ku Katete pa ntchito, foni zonse zii. Aliyense adziwe kale kuti zikatere tikumana kunyumba, ndipo ngati kunyumba sikufikika mwina madzi adzaza mlatho, tikumana kwa ambuya kapena ku tchalitchi chakutichakuti. Malo awiri akwana, mukachulukitsa ana asokonezeka. Mupanganenso nthawi yoyatsa foni, mwachitsanzo 07 hours ndi 19 hours, mphindi khumi chabe, chifukwa netiweki ikamabwera mwa apo ndi apo palibe chopweteka ngati inu mwayatsa mnzanu wazimitsa, iye wayatsa inu mwazimitsa.

Sankhaninso munthu m'modzi wokhala kutali, amalume a ku Lusaka kapena achemwali a ku Petauke, kuti aliyense akangogwira netiweki atumize uthenga kwa iwowo. Tawa ikagwa ku Mchini kapena ku Nabvutika sikuti ku Lusaka nakonso yagwa, ndiye munthu uja foni yake imakhala yoyaka nthawi zonse, amalandira mbali zonse n'kumauza aliyense kuti anzako ali bwino, ali pakuti. Muwauziretu amalumewo kuti mwawapatsa ntchito imeneyi, asamadzadabwe.

Manambala lembani papepala. Funsani mwana wanu wa giredi 7 nambala ya amai ake pamtima muone, ambiri saidziwa, ngakhale ife akulu nambala ya akazi athu timangodina dzina. Foni ikazima kapena kugwera m'madzi, neba olo akubwerekeni yake mudzangoiyang'ana. Tengani kabuku kakang'ono mulembe abale, a nyakwawa kapena a tcheyamani, nesi wa ku kiliniki yapafupi, wa njinga yamoto amene mumamudalira, ndi za ngozi, 991 apolisi, 992 ambulansi, 993 ozimitsa moto. Kabukuko kakulungeni mu pulasitiki, pepala lina liike mu chikwama cha mwana wa sukulu.

Manje za foni yeniyeniyo. Khalani ndi ma SIM a makampani awiri, kaya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo yachiwiriyo muziyigwiritsako ntchito kamodzikamodzi kuti isatsekedwe. Si mankhwala a zonse ayi, chifukwa nthawi zina makampani awiri amakhala pa tawa imodzi ndiye ikagwa amagwera limodzi, komabe nthawi zambiri wina amatsalako. Foni ikalemba kuti Emergency calls only ndiye kuti yanu kulibe koma ikuona tawa ya kampani ina, pamenepo yesani 112 ngati pali ngozi. A ku Mwami, Vubwi ndi mbali zina za Chadiza muli ndi mwayi wina, pamalo okwera foni imagwira TNM kapena Airtel ya ku Malawi, ndipo amene ali ndi SIM ya kumeneko atha kutulutsa uthenga tsiku limene kuno kwathithima.

Netiweki ikakhala yofooka lekani kuimba, lembani SMS. Kuimba kumafuna njira ikhale yotseguka nthawi yonse mukukamba, pomwe SMS ndi kanthu kakang'ono, imangofuna kampata ka masekondi ochepa n'kudutsa, ndipo ngati foni ya mnzanuyo ili yozima uthengawo umasungidwa kaye mpaka ayatse. Lowani mu Settings, pa mobile network, musankhe 2G yokha, chifukwa nthawi zambiri 2G imafika patali kuposa 4G ndipo sidya batire kwambiri. SMS imodzi ndi zilembo 160, zokwana kunena zonse ngati simuyamba ndi moni wautali. Lembani motere: “Ndine Tisa, 14 hours Lachitatu, tili kwa ambuya tonse anayi, tili bwino, mankhwala a atate atsala a masiku awiri.” Nthawi ndi tsiku musaiwale, uthenga utha kufika mawa lake munthu n'kuyamba kuthamangira komwe munachokako kale. Ndipo muzisiyako tokotaimu yeniyeni olo ya K20, osati yonse kuisandutsa bando ya data, SMS siyenda ndi bando ya WhatsApp. Amene mukukumbuka tsiku lovota pa 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira koma kuimba ndi SMS zinali kuyenda.

Ndalama ya m'manja nayo sungani pang'ono. Netiweki kulibe, ma buthi a mobile money amangokhala otsekula koma sangakupatseni olo ngwee.

Batire imathera pa kusakasaka. Foni ikasowa tawa imalimbikira kufunafuna ndi mphamvu zonse, imatentha m'thumba, pofika madzulo yatha osaimbira munthu. Ikani pa flight mode muziyatsa nthawi mwapangana zija. Kafoni ka mabatani, ka Itel kaya ka Nokia kaja ka tochi, musakanyoze, kamakhala masiku angapo osatchaja, ndipo SIM yofunika ija tsiku lovuta iikeni m'menemo, foni yaikulu muipumitse. Pawa banki yolembedwa 20,000 mAh imadzaza foni yaikulu kawiri kapena katatu, osati kanayi monga masamu a pabokosi, mphamvu ina imatayika potchaja, ndipo zija zopepuka kwambiri zotchipa za pamsewu nambala yolembedwayo musaikhulupirire. Kasola ka 20 watts kokhala ndi potulukira USB kakwana mafoni a pakhomo, bola muzitchaja pawa banki masana kenaka mafoni usiku, popeza mu January ndi February mitambo ikaphimba kasolako kamangodontheza. Batire ya galimoto nayo imatchaja foni ndi kachaja kaja ka 12 volts, koma muzilizako injini, mungadzafune kuthamangira ku chipatala galimoto osalira.

Wailesi ya mabatire ndiye chinthu chimene nyumba zambiri za m'tauni zinataya, zolakwika. Ma tawa onse atagona, siteshoni ya wailesi ikakhala ndi jenereta imapitiriza kukamba, ndipo kuno tili nazo zathu, Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, Mphangwe ku Katete, Chikaya ku Lundazi, kuphatikiza ZNBC Radio 1 pa nthawi ya Chinyanja. Kumeneko ndiye mumva kuti msewu wa Mfuwe waduka pati, mvula ikubwera ya mtundu wanji, chithandizo chikuperekedwa kuti. Komanso si yongomvera chabe, mutha kupita ndi miyendo ku siteshoni n'kusiya uthenga monga timachitira ndi za maliro, abale a kumudzi aumva tsiku lomwelo. Mafoni ambiri ali ndi FM mkati yosafuna netiweki, kungoti ena amafuna mulowetse ma hedifoni chifukwa waya wake ndiye eriyo. Mukamasunga wailesi chotsani mabatire, akakhalitsa mkati amatuluka madzi n'kudya tizitsulo.

Ma wokitoki, zija amanyamula magadi, anthu amazikonda chifukwa zimaoneka za ukatswiri, koma mudziwe malire ake. Pabokosi alemba makilomita ambirimbiri, zoona zake m'tauni muli nyumba ndi mitengo ndi kilomita imodzi mpaka atatu basi. Mafunde ake amayenda mowongoka, phiri likakhala pakati zatha, ndipo Chipata mukuidziwa ndi mapiri mbali zonse. Ubwino wake ndi womwewonso, munthu m'modzi akakwera pa phiri la Kanjala amamva mbali zambiri za tauni, atha kumalandira uku n'kumapatsira uko. Zimathandiza pa famu, pa mpingo, kapena ma neba olondera usiku. Pokamba dinani batani, dikirani sekondi imodzi, nenani dzina la amene mukumufuna kenaka lanu, kambani mwachidule, siyani batani. Awiri mukadina limodzi palibe amene amva. Aliyense amene ali pa tchanelo chimenecho akumvanso, ndiye za komwe mwabisa ndalama ya fodya musakambire pamenepo. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'anira ndi a ZICTA, ndiye musanagule zamphamvu zija monga Baofeng funsani kaye za laisensi, chifukwa mukangoyatsa mwachisawawa mutha kulowa pa njira ya apolisi kapena ya ambulansi. Zofika ku Lusaka, makilomita opitirira 500, si izi ayi, ndi mawailesi akuluakulu a mafunde ofika patali otchedwa HF, okhala ndi waya wautali pamtengo, a anthu a laisensi, ndipo si za nyumba iliyonse.

Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu 2023, siidalira tawa, imangofuna kumwamba koyera ndi magetsi. Kwa munthu m'modzi ndi yodula ndipo imafuna sola ndi batire zenizeni, koma dziwani kumene ilipo pafupi nanu, kaya pa loji, pa mishoni kapena pa kopaletivu, mukambirane nawo lero kuti tsiku lovuta mudzatumizeko uthenga umodzi kwa amalume aja. Ma apu monga Briar otumizirana pa Bluetooth popanda intaneti aliko, koma amafika mamita ochepa, amene mukumulemberayo mutha kungomuitana ndi pakamwa.

Zonse zikakanika tili ndi njinga, ndipo pa nkhani ya njinga Chipata sitichepa. Dziwanani ndi wa njinga m'modzi kapena awiri a pa siteji ya kwanu, adziwe nyumba yanu ndi ya abale anu. Pomutuma lembani kalata, musamuuze pakamwa, “ambuya adwala” ikadutsa pakamwa pa anthu atatu imakafika ili “ambuya atisiya” anthu n'kuyamba kulira. Pakalatapo dzina, tsiku, nthawi, ndipo wolandira alembe yankho kuseri kuti mudziwe kuti yafikadi. Zakutali, ma kondakitala a mabasi a ku Lundazi, Katete ndi Lusaka amanyamula makalata mukawapatsa kangachepe, bola wolandirayo akhale woti amadziwika pa siteshoni. Mukachoka panyumba musamate pepala pachitseko lonena kuti mwapita kuti, mukuitana akuba, siyani uthenga kwa a neba amene banja lonse likudziwa kuti ndiko kofunsa.

Pamudzi kapena mu komboni panganani kulira kwa chitsulo. Limu ya galimoto yopachika pamtengo ija ya pasukulu, belu la tchalitchi, wisulo, ng'oma, zonse zimamveka patali usiku, koma zimathandiza pokhapokha anthu akudziwa tanthauzo, ndiye a nyakwawa kapena a tcheyamani anene pa msonkhano kuti kuliza mosalekeza ndi moto kapena madzi, katatu n'kupuma ndi matenda tikufuna wonyamula. Ana auzidwe kuti si choseweretsa.

Sankhani Sabata limodzi masana muyese, mafoni onse pa flight mode, tumani mwana wamkulu kwa ambuya ndi kalata, yatsani wailesi muone ngati ikulira, 19 hours aliyense atumize SMS kwa amalume muwerenge kuti zafika zingati. Chitani izi mu October mvula isanayambe. Ndipo wa njinga uja mumuuziretu kuti akapeza mtsinje wadzaza pamwamba pa mlatho abwerere ndi kalatayo, asawoloke.