Momwe mungagwiritsire ntchito mafyuluta a UV pojambula nyenyezi kuno ku Chipata

Mafyuluta a UV amene wojambula zakumwamba amakumana nawo alipo atatu, ndipo ntchito zawo nzosiyana kotheratu. Ina ndi yoteteza lenzi, ina imatsekereza kuwala kwa UV ndi IR (ultraviolet ndi infrared, kuwala kumene maso athu saona), ina imalowetsa kuwala kwa UV kokhakokha. Mukamanga yolakwika, usiku wonse upita pachabe ngakhale kumwamba kutayera bwanji.

Maso athu amaona kuwala kwa pakati pa mananomita 400 ndi 700 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala). Kwa UV kuli pansi pa 400, kwa IR kuli pamwamba pa 700, koma sensa ya kamera imagwira konseko mpaka cha m'ma 1,000. Vuto limabwera chifukwa galasi la lenzi silisonkhanitsa mitundu yonseyi pamalo amodzi. Inu mukaika fokasi pa kuwala kooneka, kwa UV ndi IR kumagwera pambali pang'ono, ndiye nyenyezi zimafufuma ngati zitumbuwa m'mafuta, zina n'kukhala ndi mkombero wobiriwirako kapena wofiirira.

Yambani ndi kuchotsa yoteteza lenzi

Kagalasi koyera kaja kamene ambiri amamanga kutsogolo kwa lenzi kuopa fumbi ndi zala, kamasuleni musanayambe. Masana n'kothandiza, koma usiku kamabweza kuwala pakati pa iko ndi lenzi, ndipo Mwezi kapena nyenyezi yowala imaoneka pawiri pachithunzi. Mame nawonso amayamba kugwira pamenepo. M'malo mwake valikani chotchinga chozungulira kukamwa kwa lenzi chija, lens hood.

Ngati kamera yanu ndi DSLR (kamera yosinthika malenzi) wamba ya Canon kapena Nikon imene sinatsegulidwepo, ili kale ndi fyuluta yotsekereza UV ndi IR mkati mwake. Musawononge ndalama kugula ina.

Yotsekereza UV ndi IR

Iyi imafunika kwa amene ali ndi DSLR yochotsedwa fyuluta yam'kati, kapena kamera yopangidwira telesikopu, monga zina za kampani ya ZWO, zimene galasi lake lakutsogolo limalowetsa kuwala konse. Werengani kapepala ka kamera yanu, chifukwa zina zimabwera ndi galasi lotsekereza kale. Pogula, onani chithunzi chosonyeza kuwala kumene fyulutayo imalowetsa: izitsegula cha pa 400 n'kutseka cha pa 700. Ikatseka msanga, pansi pa 660, idzakudyerani kuwala kofiira kwa haidirojeni kwa pa 656, kumene kumakongoletsa mtambo wa gasi wa pakati pa nyenyezi wotchedwa Eta Carinae.

Saizi zake ndi ziwiri. Ya mainchesi 1.25 imakwanira makamera a sensa yaing'ono ojambulira mapulaneti. Ngati sensa ndi ya APS-C, saizi ya m'ma DSLR ambiri, kapena yoposa apo, tengani ya mainchesi 2, ya mazinga a M48, apo ayi m'makona mwa chithunzi mudzada.

Imangireni kumphuno kwa kamera, pafupi ndi sensa, ndipo mangani ndi zala zokha. Mukalimbitsa kwambiri, kukazizira m'bandakucha chitsulo chimagwirana ndipo kumasula kumavuta. Kenako pali kanthu kamene ambiri amaiwala. Galasi likalowa pakati, fokasi imasunthira kumbuyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwake. Fyuluta ya mamilimita 2 imawonjezera pafupifupi 0.7. Ngati muli ndi galasi lowongolera nyenyezi za m'mphepete lofuna mtunda wa mamilimita 55 kufika pa sensa, ikanipo kamphete kowonjezera mtundawo. Mukapanda kutero, pakati pa chithunzi padzakhala bwino koma nyenyezi za m'makona zidzatalika.

Fokasi muziika fyuluta ili kale m'malo. Lozani nyenyezi yowala, monga Alpha Centauri, kulitsani chithunzi pasikirini kakhumi, ndipo tembenuzani pang'onopang'ono mpaka kadontho kachepetsetse. Kuti mutsimikize kuti fyuluta ikugwira ntchito, jambulani nyenyezi yomweyo kwa masekondi 30 ili pomwepo, kenako muichotse, muikenso fokasi ndi kujambulanso. Pa telesikopu ya malenzi kusiyana kumaonekeratu. Pa ya kalilole, monga Newtonian, n'kochepa, pakuti kalilole amabweza mitundu yonse pamalo amodzi, komabe fyulutayo imakonza mtundu wa nyenyezi kuti zisaoneke zofiirira zonse.

Mukamaliza, musanamasule chilichonse, jambulani zithunzi 20 kapena 30 za chinthu choyera chowala mofanana, monga nsalu yoyera yokutira kukamwa kwa telesikopu m'mawa kukuyera. Zimenezi n'zimene kompyuta imachotsera madontho a fumbi. Mukazunguza fyuluta musanazijambule, fumbi limasuntha malo ndipo sizigwiranso ntchito.

Yolowetsa UV yokha: mitambo ya Nthanda

Apa ndi pamene pali chokoma chenicheni, ngakhale pamafunika kudekha. Nthanda, pulaneti ya Venus, mukaiona m'telesikopu imangokhala yoyera mbee popanda chooneka. M'mitambo yake muli zinthu zimene zimameza kuwala kwa UV, choncho mukajambula m'kuwala kumeneko mumaona mizere ndi zigamba zakuda. Mitamboyo imazungulira pulanetiyo m'masiku pafupifupi 4, ndiye chithunzi cha lero sichifanana ndi cha mawa.

Mufunika fyuluta yolowetsa kuwala kwa pakati pa 320 ndi 380, monga Baader U. Zotchipa za mtundu wa Wratten 47 zimalowetsanso IR, ndipo IR ikangolowa imakwirira zonse, Nthanda n'kuyeranso mbee. Ngati muli ndi yoteroyo, iphatikizeni ndi yotsekereza IR yokha. Kamera ikhale yojambula zakuda ndi zoyera, chifukwa ya makala imataya UV yambiri. Telesikopu yabwino ndi ya kalilole ya mamilimita 150 kapena 200. Galasi lililonse lowonjezera panjira limameza UV, choncho Barlow wamba, lenzi yokulitsira chithunzi, muchotse, pokhapokha ngati ndi wopangidwira UV.

Pezani Nthanda ndi kuiika pakati fyuluta isanalowe, popeza ikalowa chithunzi chimada kwambiri. Kenako ikani fyuluta, kwezani gain (mphamvu yowalitsira chithunzi m'kamera), ndipo yambirani pa mamilisekondi 10 mpaka 30. Ikaninso fokasi poyang'ana m'mphepete mwa pulanetiyo. Jambulani vidiyo ya mphindi 2 kapena 3 ndi pulogalamu ya pakompyuta ya SharpCap kapena FireCapture, ndipo bwerezani kangapo. Mu pulogalamu ya AutoStakkert sungani zithunzi zabwino 10 mpaka 20 pa 100 zilizonse, muzisanjikize, kenako munole chithunzicho mu pulogalamu ya RegiStax. Nolani pang'ono chabe. Mukapitiriza, pulogalamuyo imapanga mizere yabodza m'mphepete imene ingakunyengeni kuti ndi mitambo.

Nthanda sitalikirana ndi dzuwa kuposa madigiri 47, ndipo kukada imakhala itatsika kale. Mpweya wochindikala wa m'munsi umamwaza UV kuposa mtundu wina uliwonse, ndiye jambulani ikadali pamwamba pa madigiri 30, dzuwa litangolowa kapena lisanatuluke. Ngati dzuwa likadali kumwamba, imikani telesikopu mumthunzi wa nyumba kuti khoma litchinge dzuwa, ndipo vindikirani katelesikopu kakang'ono kolozera. Chonde mvetsani bwino: palibe iliyonse mwa mafyuluta atatuwa imene imateteza maso ku dzuwa. Kungolozako kamphindi, diso limapsa osachiranso, sensa nayo imapserera.

Nyengo yathu

Chipata ili cha pa madigiri 13.6 kumwera kwa ikweta komanso pamtunda woposa mamita 1,000, zimene zimatikomera. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julaye, mvula itatha, mpweya uli woyera, pomwenso pakati pa Mlalang'amba pamadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Mdani wa miyezi imeneyi ndi mame. Kulungani chotenthetsera cha USB kukamwa kwa telesikopu, kapena pangani chotchinga cha katoni chotalika kuposa kukula kwa kamwalo.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala anthu akamatentha tchire, utsi ndi fumbi zimadzaza mlengalenga. Nyenyezi mungajambulebe, koma ntchito ya UV pa Nthanda imavuta zedi, makamaka kuchigwa cha Luangwa monga ku Mfuwe kumene utsi umakhazikika. Kumtunda cha ku Chadiza kapena Katete, kutali ndi magetsi a m'tauni ndi a magalimoto a mu Great East Road, n'kwabwinoko.

Fumbi likagwera pa fyuluta musapukute ndi malaya, mchenga umakanda utoto wopyapyala umene umagwira ntchito yonseyo. Liuluzeni ndi kampira kopopera mpweya, kenako donthezani spiriti ya isopropyl pa kapepala kopukutira malenzi, osati pa galasi, ndipo pukutani kamodzi kuchoka pakati kupita m'mphepete. Ikauma ibwezereni m'kabokosi kake pamodzi ndi kapaketi ka silica gel, chifukwa chinyezi cha dzinja chimameretsa nkhungu pagalasi.