Momwe mungachitire kuti wailesi yanu ya pa intaneti isamadukeduke seva ikakhala yofooka

Mipingo ndi magulu a achinyamata kuno ku Dedza ayamba kuulutsa mapemphero ndi nyimbo pa intaneti, kuti abale a ku Johannesburg azimva za kumudzi. Dandaulo limakhala lomwelo: mawu amveka pang'ono, aduka, ayambanso. Seva (makompyuta a pa intaneti omwe amagawira omvera mawu) zomwe timakwanitsa kulipira ndi zotsika mtengo, komanso netiweki kuseri kwa mapiri athuwa imabwera ndi kupita. Chithandizo chake ndi buffer, mawu osungidwiratu mu foni ya womvera, monga madzi a mu ndowa omwe mumamwa mpopi ukasiya kutulutsa.

Musanakhudze buffer, tsitsani bitrate, yomwe ndi kuchuluka kwa data yomwe mawu amadya pa sekondi iliyonse (imayezedwa mu kbps; 1000 kbps ndi 1 Mbps). Ambiri amaika 128 kbps poganiza kuti ndiye zapamwamba, koma omvera 50 pa mlingo umenewu amafuna 6.4 Mbps kuchokera pa seva. Pa 64 kbps amafuna theka lake. Womveranso mumamupulumutsira bandulo, chifukwa ola limodzi limadya pafupifupi 29 MB m'malo mwa 58 MB. Mu pulogalamu yotumizira mawu, kaya ndi BUTT kaya Mixxx, sankhani MP3, 64 kbps, mono. Ulaliki ndi nkhani zimamveka bwinobwino, ndipo pafupifupi foni iliyonse imasewera MP3.

Tsopano pitani pa seva. Ngati pulogalamu youlutsira mawu pa sevayo ndi Icecast, ndipo seva imayendera Ubuntu, tsegulani fayilo ya /etc/icecast2/icecast.xml, mufufuze gawo lolembedwa limits. Mupeza burst-size ili pa 65535. Nambalayi ndi kuchuluka kwa mawu omwe seva imaponyera munthu nthawi imodzi akangolowa. Pa 128 kbps ndi masekondi 4 okha, pa 64 kbps ndi masekondi 8. Ikwezeni kufika 131072, ndiye kuti womvera wa ku Lobi kapena Mtakataka ayamba ali ndi masekondi 16 osungira pa 64 kbps, ndipo netiweki ikatsika kanthawi sazindikira n'komwe. Ine sindikulangizani kupitirira pamenepa pa seva yofooka. Anthu ambiri akalowa pamodzi, monga Lamulungu m'mawa mapemphero akamayamba, aliyense amalandira mtolo wakewo ndipo seva imalemedwa.

Pomwepo muona queue-size, yomwe imabwera ili pa 524288. Iyi ndi malire a momwe munthu angatsalire m'mbuyo seva isanamudule. Izikhala yoposa burst-size nthawi zonse. Ngati omvera akudulidwabe, ikani 1048576. Sungani fayilo, kenako lembani sudo systemctl restart icecast2 pa seva kuti Icecast iyambirenso.

Kompyuta yotumiza mawu ilumikizeni ku rauta ndi waya, ndipo pa nthawi ya pulogalamu pasakhale wina wotsegula YouTube pa intaneti yomweyo. Mawu akadukira kwa inu, adukira aliyense.

Omvera omwe amamvetsera pa pulogalamu ya VLC auzeni asinthe network caching kuchoka pa 1000 kufika pa 5000, omwe ndi masekondi 5.

Dziwani kuti buffer imachedwetsa mawu. Woimba foni pa pulogalamu azitseka kaye wailesi kwake, apo ayi adzisokoneza pomva mawu ake akubwera mochedwa.

Poyesa, musakhale pafupi ndi rauta ya mu situdiyo. Tengani foni ya data ya Airtel ndi ina ya TNM, mupite kumene netiweki imavuta, mumvetsere kwa theka la ola. Ikadukabe, tsitsani bitrate kufika 48 kbps, muyesenso.