Musanapemphe ndalama zokafunsira anthu kumudzi, onani kaye deta yomwe ilipo kale

Ophunzira ambiri a digiri yachiwiri amene amabwera kwa ine amakhala atalemba kale bajeti: mafuta a galimoto, malipiro a ofunsa mafunso, mapepala. Akufuna kudziwa chifukwa chake ana akupinimbira ku Dedza, kapena amayi angati amachilira kuchipatala ku Mangochi. Ndimawafunsa ngati anayamba atsegulapo fayilo ya MDHS (Malawi Demographic and Health Survey, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse), ndipo ambiri amati amangodziwa lipoti lake. Chonsecho mafunso omwewo anafunsidwa kale kwa amayi oposa 24,000 mu 2015-16 m'dziko lonse, ndipo mayankho ake mungawapeze osalipira ngakhale tambala.

Yambani ndi funso lanu, mulilembe m'chiganizo chimodzi chonena za ndani, kuti, ndi chaka chiti. Funsolo ndi limene likulondolereni khomo loti mugogode. Ngati ndi za uchembere, kulera, katemera, kadyedwe ka ana kapena imfa za ana aang'ono, pitani ku Malawi Demographic and Health Survey. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba inachita kafukufukuyu mu 1992, 2000, 2004, 2010, 2015-16 ndi 2024, choncho mutha kuona mmene zinthu zasinthira pa zaka zoposa 30. Za ana ndi amayi ziliponso mu kafukufuku wa MICS (Multiple Indicator Cluster Survey) wa 2019-20 pa tsamba la UNICEF. Mukafuna kulumikiza matenda ndi umphawi kapena zokolola za pakhomo, Integrated Household Survey ndiyo yoyenera, ndipo ili mu Microdata Library ya World Bank. Za HIV, kuphatikizapo kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, zili mu kafukufuku wa HIV wotchedwa MPHIA, wa 2015-16 ndi wa 2020-21. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndiye amakupatsani chiwerengero cha anthu cha boma lililonse. Ndipo ngati funso lanu likufuna kutsatira anthu omwewo chaka ndi chaka, lemberani a MEIRU, bungwe lofufuza za umoyo, amene akhala akulemba obadwa, omwalira ndi osamuka ku Chilumba m'boma la Karonga kuyambira 2002.

Ndikhazikika pa MDHS poti ndi imene ambiri amayambira. Musanalembetse n'komwe, tsegulani STATcompiler, chida choonetsa nambala zowerengedwa kale, pa tsamba la DHS Program, amene amasunga deta ya MDHS. Mwina nambala yomwe mukufuna ili pomwepo, ndipo simufunika fayilo ina iliyonse. Ngati mukufunadi mayankho a munthu aliyense payekha, tsegulani akaunti, mulembe mutu wa kafukufuku wanu ndi ndime imodzi yofotokoza zomwe mukufuna kuchita. Lembani zomveka: "ndikufuna kuona kugwirizana kwa maphunziro a mayi ndi kupinimbira kwa ana osakwana zaka zisanu m'Malawi". Kungoti "za sukulu" sikuthandiza. Deta ya GPS ndi ya zotsatira zoyeza HIV imapemphedwa padera. Mu 2025 ntchito ya DHS Program inasokonekera thandizo la USAID litaimitsidwa, ndiye chilolezo chikangotuluka koperani zonse tsiku lomwelo, pamodzi ndi lipoti, mafunso ake ndi Recode Manual, buku lofotokoza tanthauzo la mayina ndi manambala a mu fayilo. Koma fayiloyo si yogawana pa WhatsApp. Mnzanu akaifuna alembetse yekha, ndi mmene munalonjezera pomwe mumapempha.

Mafayilo ake mayina amaoneka ngati nambala ya galimoto. Tengani MWIR7AFL: MW ndi Malawi, IR ndi fayilo ya amayi a zaka 15 mpaka 49, ndipo 7A ikuloza kafukufuku wa 2015-16. KR ndi ya ana obadwa m'zaka zisanu zapitazo, BR ndi ya ana onse amene mayi anaberekapo, PR ndi ya aliyense wa pakhomo, HR ndi ya mabanja, MR ndi ya abambo. Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Ana a mu KR ndi okhawo amene mayi wawo anafunsidwa mafunso. Mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake mulibemo, koma mu PR alimo. N'chifukwa chake lipoti limawerengera kupinimbira kuchokera mu PR. Mukagwiritsa KR mwataya ana ena amene mwina ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu.

Tsopano nkhani imene ndimaumirira kuposa zonse. Musanayambe kuwerengera zanu, yesani kaye kutulutsa nambala yomwe ili kale mu lipoti. Lipoti la 2015-16 likuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Tsegulani PR, musankhe ana amene anagona pakhomopo usiku wa dzulo lake, muyang'ane hc70, muyezo wa kutalika kwa mwana poyerekeza ndi zaka zake. Mukapeza 37, dziwani kuti njira yanu ili bwino ndipo mutha kupitirira. Mukapeza nambala ina, imani pomwepo, pali china chalakwika, ndipo kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa ziwiri.

Choyamba ndi manambala abodza. Mu hc70 muyezo unachulukitsidwa ndi 100, kotero mwana wopinimbira ndi amene ali pansi pa -200, osati -2. Komanso muli manambala ngati 9996 ndi 9998, amene si miyezo ayi, ndi zizindikiro zoti muyezowo unali wokayikitsa. Kompyuta siidziwa zimenezo. Mukapanda kuwachotsa, idzawatenga ngati ana aatali modabwitsa.

Chachiwiri ndi ma weight. Likoma ili ndi anthu pafupifupi 14,500, pamene Lilongwe, mzinda ndi midzi yake, ili ndi oposa 2 miliyoni. Kuti boma lililonse lipeze nambala yakeyake, ofufuza anafunsa anthu a m'maboma aang'ono ochulukirapo kuposa gawo lawo m'dziko. Mukangowerenga mitu osaganizira zimenezi, mawu a ku Likoma amveka kwambiri kuposa mmene akuyenera. Weight ndi nambala yokonza zimenezi, yopatsa munthu aliyense gawo lake loyenera. Mu fayilo ya amayi weight ndi v005, mu PR ndi hv005, ndipo muyenera kuigawa ndi 1,000,000. Palinso china: mabanja sanasankhidwe limodzilimodzi m'dziko lonse, anasankhidwa m'magulu 850. Anthu a mudzi umodzi amatunga pa mjigo umodzi, amapita ku sikelo imodzi, ndiye mayankho awo amafanana. Pulogalamu yanu iyenera kuuzidwa zimenezi, apo ayi idzakupatsani chitsimikizo chomwe mulibe. Mu pulogalamu ya Stata ndi mizere iwiri yokha (v021 ndi gulu lija, v022 ndi chigawo chomwe gululo linasankhidwamo):

gen wt = v005/1000000
svyset v021 [pw=wt], strata(v022)

Kuchokera apo lamulo lililonse liziyamba ndi svy:. Ngati mulibe layisensi ya Stata, musavutike ndi zakuba zimene zimafa pakati pa ntchito. R ndi yaulere, ndipo phukusi lake la survey limachita zomwezo. A DHS anaikanso pa GitHub ma code owerengera zizindikiro zawo zambiri, ndipo buku la Guide to DHS Statistics limanena ndani awerengedwe ndi ndani asiyidwe pa chizindikiro chilichonse.

Madeti nawonso amadabwitsa poyamba. Mukaona 1390 pa v008, mwezi umene mayi anafunsidwa mafunso, musaganize kuti fayilo yawonongeka. Ndi miyezi kuwerengera kuyambira Januwale 1900, choncho 1390 ndi Okutobala 2015. Msinkhu wa mwana m'miyezi mumaupeza pochotsa b3, mwezi umene anabadwa, ku v008. Za GPS dziwani kuti malo anasunthidwa dala pofuna kubisa anthu: mpaka makilomita 2 m'tauni, 5 kumudzi, ndipo ochepa mpaka 10. Ndi yabwino poyerekeza madera, koma musalembe kuti banja lili pa mtunda wa mamita 800 kuchokera kuchipatala.

Mukamaduladula deta, muziyang'ana anthu amene atsala. Mukati atsikana a zaka 15 mpaka 19, osakwatiwa, a ku Neno, mwina mwatsala ndi anthu osakwana 25, ndipo lipoti lenilenilo silisindikiza peresenti yochokera pa anthu ochepa chotero. Inunso musatero.

Ena funso lawo ndi la mwezi ndi mwezi: malungo anakwera liti, ndi chipatala chiti chikutaya amayi pakati pa sikelo yoyamba ndi yachinayi. Izi MDHS singayankhe. Zili mu DHIS2 ya Unduna wa Zaumoyo, momwe mumalowa malipoti ochokera m'maregisitala a zipatala. Kumeneku kulibe batani longodina. Lembani kalata kwa mkulu wa zaumoyo wa bomalo, kapena ku CMED, nthambi ya deta ya undunawu ku likulu, ngati mukufuna maboma angapo, mutchule zizindikiro, zipatala ndi miyezi yomwe mukufuna. Kenako khalani pansi ndi ofisala wa HMIS, amene amasunga deta ya zipatala m'bomalo, musangomutumizira flash. Iyeyu ndi amene angakuuzeni kuti mwezi wakuti regisitala inatha, kapena kuti ziro amene mukumuonayo akutanthauza kuti lipoti silinafike, osati kuti kunalibe odwala. Mukaona katemera wafika 120 peresenti pa chipatala cha m'malire ngati ku Mulanje kapena ku Mchinji, ganizirani za amayi amene amaoloka kuchokera ku Mozambique kapena ku Zambia, omwe sali m'chiwerengero cha derali. Ndipo amene anadwalira kunyumba osapita kuchipatala, mu DHIS2 mulibe.

Chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku musachizembe poti deta ilibe mayina. A ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amapita ku komiti yawo ya COMREC, ena ku komiti ya dziko lonse ya NHSRC kapena ku komiti ya yunivesite yawo. Kalata yawo, ngakhale ikhale yongonena kuti ntchitoyi siikufunika kuunikidwa mozama, magazini a zasayansi adzaifuna, ndipo kuipempha ntchito itatha kale ndi mutu waukulu.

Chilichonse chomwe mwachita chilembedwe mu do-file kapena script, kuyambira potsegula fayilo mpaka pa tebulo lomaliza. Fayilo yoyambirira isakhudzidwe, muzigwirira ntchito pa kope. Magetsi akathima kapena laputopu ikabedwa mu minibasi, amene anasunga script yake pa imelo amayambiranso mawa lake. Ndipo tsiku lodzateteza ntchito yanu, woyesa akadzafunsa kuti ana 300 amene akusowa pa tebulo lachitatu anapita kuti, mudzatsegula mzere umene munawachotsera n'kumuonetsa chifukwa chake.