Dimba loyamba pakhomo m'nyengo yozizira: yambani kuwerengera madzi

Mu Lusaka, nthawi yabwino yoyambira dimba la ndiwo zamasamba ndi miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mvula ikakhala italeka, matenda a masamba amachepa, udzu suvuta, nthaka siuma msanga, ndipo repu, chayinizi, kabichi, karoti ndi anyezi zimakula bwino kukamazizira. Koma mvula sibweranso mpaka Novembala, kutanthauza kuti madzi onse a m'dimbamo mudzathira ndinu. Kukula kwa dimba kuyenera kuchokera pa madzi amene mungapeze tsiku ndi tsiku, osati pa kukula kwa yadi.

Masamu ake ndi awa. Bedi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali limafuna malita pafupifupi 20 patsiku mu Juni ndi Julayi, chigubu chimodzi chodzaza. Pofika Okutobala, bedi lomwelo limafuna zigubu ziwiri. Ngati mumatunga ku kiyosiki, kapena pampopi panu madzi amatuluka usiku wokha, kapena mumadalira pampu ya pachitsime imene imaima magetsi akazima, yambani ndi mabedi awiri basi, ndipo mukhale ndi dramu la malita 200 losungiramo madzi. Madimba ambiri oyamba amafa mu Seputembala chifukwa mwini wake analima mabedi asanu ndi limodzi kukuzizira, osaganiza za dzuwa limene likubwera. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo ndi abwino. Ochapira zovala okhala ndi mankhwala oyeretsa ayi, ndipo a m'ngalande kapena a chitsime chosaya choyandikana ndi chimbudzi musawayandikize ku masamba amene mudzadya.

Chachiwiri ndi dzuwa, ndipo apa ambiri amapusitsidwa ndi mpanda wa mabuloko. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo silikwera pamutu. Mpanda wotalika mamita 2 umene uli kumpoto kwa bedi umaponya mthunzi wopitirira mita ndi theka ngakhale masana enieni. Masamba amafuna dzuwa la maola osachepera 6. Imani pamalopo cha m'ma 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko, muone pamene mthunzi ukufika, kenaka mukhome zikhomo. Pansi pa mtengo wa mango kapena wa mapeyala musayese n'komwe: mizu yake idzamwa madzi anu onse. Pewaninso malo otsika kwambiri m'yadi, chifukwa mpweya wozizira umakhazikika pamenepo usiku ndipo chisanu chimayambira pomwepo kuwaula mbande.

Bedi lisapitirire mita 1 m'lifupi kuti muzifika pakati osapondamo. Kumbani masentimita 30 kuya, muphwanye zibuma, muchotse miyala ndi zidutswa za simenti zimene omanga nyumba anasiya. M'nyengo youma bedi likhale lolowa pang'ono ndi kamzere ka dothi m'mbali kuti madzi asathawe. Mabedi otukuka ndi a nthawi ya mvula. Pa mita imodzi iliyonse ya bedi thirani ndowa ya malita 10 ya manyowa owola bwino, ndi dzanja limodzi lodzaza la fetereza wa D Compound, ndipo musakanize ndi dothi. Manyowa a nkhuku ongochoka m'khola amaotcha mizu. Aunjikeni pambali, muziwanyowetsa ndi kuwatembenuza kwa masabata 6 kapena kuposa, mpaka fungo loswa mphuno litatha. Kumadera a miyala a mu Lusaka ngati mbali zina za Chalala ndi Kanyama, kumene khasu limagunda thanthwe lisanalowe, kapena ngati alandilodi sakulola kukumba, gwiritsani ntchito matumba a ufa a makilogalamu 25. Dzazani magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la manyowa, boolani pansi, mubzale repu awiri kapena atatu m'thumba lililonse.

Kwa woyamba, repu ndiye mbewu yosakhumudwitsa. Mitundu monga Hobson ndi Rampart imapezeka m'masitolo a zaulimi m'tauni. Onani deti pa paketi, chifukwa mbewu yakale imamera mwa apo ndi apo. Fesani pa nazale m'timizere totalikirana masentimita 10, kuya kwa sentimita imodzi, ndipo muphimbe ndi udzu wouma wopyapyala. Zikangomera chotsani udzuwo, apo ayi mbande zimatalika n'kukhala zoonda. Mukafesa mothithikana n'kumathira madzi ambiri, mbande zimaola patsinde n'kugwa. Limeneli ndi vuto la chinyontho, osati la mbewu. Pakatha masabata 4, mwina 5 kukazizira kwambiri, mbande za masamba anayi kapena asanu zakonzeka. Wokerani madzulo, masentimita 30 pakati pa zomera ndi 45 pakati pa mizere. Bedi la mamita 5 limalowa zomera pafupifupi 32, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi mumayamba kuthyola. Thyolani masamba a m'munsi okha, mtima muusiye.

Kabichi amafuna masentimita 45 pakati pa zomera ndi 60 pakati pa mizere ndipo amatenga miyezi itatu, ndiye pa dimba laling'ono amadya malo pachabe. Karoti, monga wa Nantes, sawokeredwa: fesani pabedi pomwepo, mupatulire kuti atalikirane masentimita 5, ndipo musamuthirire manyowa atsopano chifukwa amatuluka ndi mphanda. Anyezi amafesedwa bwino pakati pa Febuluwale ndi Epulo, choncho ngati mwafika mu Juni gulani mbande zokula kale, muwokere motalikirana masentimita 10.

Thirirani m'mawa dzuwa litatuluka. Masamba ogona onyowa usiku wozizira amagwidwa matenda mosavuta. Gwiritsani kheni yokhala ndi chosefera, kapena chitini choboola ndi msomali, kuti madzi asakumbe mizu. Musanathire, lowetsani chala m'dothi; ngati mkati muli monyowa, dikirani mawa. Phimbirani bedi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, ndipo muziyang'ana chiswe.

Pakatha masabata awiri chiwokerereni, thirani fetereza wa yureya: kachitsekerero kamodzi ka botolo la chakumwa pa zomera ziwiri, chapatali ndi tsinde ngati kutalika kwa chala, mukwirire ndi kuthirira nthawi yomweyo. Bwerezani masabata atatu aliwonse pamene mukuthyola. Mukachulutsa, masamba amapsa m'mphepete ndipo nsabwe za m'masamba zimachuluka.

Nsabwezo ndiye mdani wamkulu wa repu ndi kabichi, makamaka kukayamba kufunda mu Ogasiti. Zimabisala kunsi kwa tsamba ndi mu mtima, tsamba n'kumapindika. Tembenuzani masamba kawiri pa sabata. Zikakhala zochepa, tsukani ndi madzi kapena poperani kasupuni ka tiyi kamodzi ka sopo wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, madzulo. Mbande ikapezeka m'mawa itadulidwa patsinde, fukulani pang'ono pafupi nayo, mupeza mbozi yotuwa itadzipinda. Mukagula mankhwala, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwatsate; repu amathyoledwa sabata iliyonse, choncho mankhwala odikira masiku 14 sakugwirizana naye.

Chibwabwa, delele, impwa ndi bondwe zisiyeni kaye, zimafuna kutentha ndipo mu Juni zimangopinimbira. Matimati nawonso amayoyola maluwa usiku ukazizira kwambiri, ndiponso kuyambira 2016 mbozi ya Tuta absoluta inawasandutsa mbewu yovuta kwa woyamba. Ngati mukuwafunabe, fesani nazale kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti, muwokere zomera 6 zokha, mutawerengeranso ngati madzi a Okutobala adzakwana.