Kusunga moto wa basketball pamene magemu akusowa

Kuno ku Kasungu luso lilipo, koma magemu amabwera patalipatali, ndipo matimu omveka ngati Bravehearts ali ku Lilongwe. Mwana amayamba ndi moto, koma pakatha miyezi iwiri popanda mpikisano saonekanso pakhoti. Ndiye inu achinyamata amene mumandifunsa kuti mtima wolimbikira muutenge kuti, gulani kope ndi bolopeni.

Muzilemba zimene mwaponya. Ring'i ili mamita 3.05 m'mwamba, mzere wa free throw (pamene mumaponyera popanda wokutchingani mukachitiridwa faulo) uli mamita 4.6 kuchokera pabolodi, ndipo miyezo imeneyi ndi yomweyo kaya pa Boma pano, ku Mtunthama, kaya ku Kigali kumene kunayambira BAL, ligi ya matimu a mu Africa, mu 2021. Imani pamzerepo, ponyani 50, lembani kuti yalowa ingati. Loweruka linalo fanizani. Nambala ikachoka pa 18 kufika pa 25, simudikiranso kochi kuti akudzutseni. Koma musamangoponya thupi lili bwinobwino. Thamangani kaye khoti lonse, mamita 28, kupita ndi kubwera kanayi, kenaka ponyani iwiri muli wefuwefu, thukuta likulowa m'maso. Mugemu free throw imakupezani miyendo ikunjenjemera, anthu akukuwa kunja kwa mzere, ndiye dzanja lizolowere zimenezo.

Nthawi yake ndi m'mamawa, makamaka mu Okutobala konkire isanayambe kuotcha kumapazi. Zili ngati nazale ya fodya: imafuna madzi tsiku lililonse, ndipo ndowa khumi za Lamlungu sizibweza mbande imene yauma Lachitatu. Mphindi 40 tsiku ndi tsiku zimaposa maola anayi a tsiku limodzi.

Dzanja lamanzere ndiye nkhani. Ambirinu mumadunda ndi lamanja lokha, ndipo wokumakani wochenjera amazindikira msanga, n'kukutsekerani mbali imeneyo. Yambani tsiku lililonse ndi dzanja lofookalo, maso ali kutsogolo, osayang'ana mpira. Muoneka ngati wophunzira kumene, anzanu aseka, asiyeni. Khoti long'ambika lisakudandaulitseni: mpira ukagunda mng'alu n'kuthawira kumbali, zala zimaphunzira kuugwira msanga.

Mpira ukakhala umodzi anthu khumi, enanu musakhale pansi. Pindani mawondo, tambasulani manja, yendani cham'mbali osapingasa miyendo mpaka ntchafu zitawawa. Hakeem Olajuwon anali goloboyi wa mpira wamiyendo ku Lagos asanayambe basketball ali ndi zaka pafupifupi 15, ndipo mapazi ake ndi amene anasautsa anthu pamene Houston Rockets inkatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu ya ku America, mu 1994 ndi 1995. Pascal Siakam wa ku Cameroon nayenso anayamba mochedwa, koma mu 2019 anatenga chikho cha NBA ndi Toronto Raptors. Choncho zoti "ndachedwa kuyamba" musandiuze.

Khalidwe la wosewera ine ndimalionera pamene waphonya. Wina amaima, kugwira m'chiuno, kuyang'ana kumwamba ngati ring'i yamulakwira, uku mnzake amene amayenera kumumaka wagoletsa kale mbali inayo. Mwaphonya, thamangirani kudifensi, zodandaula pambuyo. Timu ili ndi masekondi 8 okha kuti idutse pakati ndi 24 kuti iponye, ndiye nthawi yokwiya mulibe. Refa akaimba molakwika, kwezani dzanja n'kupitiriza. Mafaulo asanu mwatuluka, ndipo kulongolola kumangokuwonjezerani technical, faulo ya khalidwe loipa. Mnzanu akakupatsani pasi yabwino, mulozeni ndi chala aone kuti mwathokoza. Akataya mpira, m'menyeni paphewa.

Za pafoni ndinenepo pang'ono. Ma dunk (kulowetsa mpira mu ring'i ndi dzanja mutalumpha) ndi ma three (kuponyera patali kwa mapointi atatu) a Stephen Curry wa ku NBA ndi okoma kuonera, koma mzere wa three uli mamita 6.75, ndipo mwana amene sanakhwime mkono akamaponyera kumeneko amangozolowera kukankha mpira kuchokera pachifuwa. Yambirani pansi pa ring'i, mukagoletsa isanu motsatizana bwererani phazi limodzi.

Tsiku limene mwaikidwa pabenchi, musavule nsapato. Onani amene akumaka malo anu, dzanja limene amakonda, mbali imene amatembenukira. Ndipo bwerani ndi botolo lanu la madzi, mutadyako mbatata kapena phala, chifukwa kota yachinayi ya mphindi 10 siseweredwa ndi m'mimba mopanda kanthu.